Chitsulo chimene chinaphunzira kulera: bwanji Terminator 2 siikalamba ku Chipata?

Mumzinda wa Chipata muli mbadwo wa abambo ndi amayi amene mukangowatchulira dzina la Schwarzenegger, nkhope zawo zimawala asanayankhe n'komwe. Ena lero ndi aphunzitsi, ena amagulitsa salaula pamsika wa Kapata, ena amapalasa njinga zonyamula anthu kuchoka ku Down Shops kukatula ku Nabvutika kapena ku Mchini. Sukulu anaphunzira zosiyana, mipingo amapemphera yosiyana, koma ambiri mwa iwo anakhalapo pabenchi la thabwa m'kanyumba kamdima, maso ali tong'o pa TV yaing'ono, akuonera munthu wachitsulo akupulumutsa mwana wa eni ake. Filimuyo ndi Terminator 2: Judgment Day, imene inatuluka ku America mu Julayi 1991.

Papita zaka zoposa 30 tsopano. Mafilimu ambiri a nthawi imeneyo anaiwalika limodzi ndi matepi ake, koma iyi ikuyendabe. Ili m'mafoni, ili m'mafulashi, ndipo ana obadwa dzulodzuloli akaipeza amaionera mpaka kumapeto. Mukafunsa chifukwa, ambiri amathamangira kutchula mfuti, njinga yamoto ndi moto wa mabomba. Zimenezo zilimodi, koma mu Commando, mu Rambo ndi m'mafilimu a Chuck Norris zinalimonso zochuluka, ndipo ambiri sitingathe kufotokoza nkhani zake lero. Chimene chinagwira mitima ya anthu kuno n'chozama kuposa phokoso la zipolopolo. Filimuyi ndi nkhani ya kulera mwana wopanda womuteteza, ndipo inatipeza pa nthawi imene ana otere anali khomo ndi khomo.

Benchi, tepi ndi jenereta

Kukonda mafilimu a nkhondo sikunayambe ndi ife. M'zaka za m'ma 1950, pamene Chipata inkatchedwa Fort Jameson, amuna ambiri a kuno kummawa ankapita kukagwira ntchito kumigodi. Kumeneko makampani ankaonetsa kanema pabwalo, ndipo anthu ankakonda kwambiri mafilimu a anyamata okwera pamahatchi a ku America. Mayi wina wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, analemba kuti oonerawo ankatchula ngwazi ya filimu iliyonse kuti Jack, ndipo ankaikuwira, kuilangiza ndi kuichenjeza mdani akamabwera kumbuyo. Chingelezi cha m'filimumo ambiri sankachimva, koma nkhani ankaimanga okha ndi maso ndi pakamwa.

Mwambo umenewu ndi umene unadzalowa m'mavidiyo sho. Patangopita miyezi yochepa Terminator 2 itatuluka, pa 31 Okutobala 1991, Zambia inavota ndipo Frederick Chiluba anatenga boma kwa Kenneth Kaunda. Malonda anatseguka, katundu wakunja anayamba kusefukira, ndipo ma TV ndi madeki a matepi anafika m'manja mwa anthu wamba amene anaona mpata wa bizinesi. Kutsidya la malire a pa Mwami, ku Mchinji ndi ku Lilongwe, ludzu la kanema linali lalikulu kuposa kuno, pakuti Malawi analibe wayilesi ya kanema yakeyake mpaka 1999.

Aliyense amene analowamo amakumbukira mmene malowa ankaonekera. Pakhomo pankatsamira bolodi lakuda lolembedwa ndi choko, dzina la filimu ndi nthawi yoyambira, nthawi zina atajambulapo mfuti. Sipika inkapachikidwa panja kuti phokoso la nkhondo liitane anthu odutsa. Mkati mawindo ankatsekedwa ndi makatoni kapena masaka, ana ankakhala pansi kutsogolo, akuluakulu pamabenchi, ndipo kutentha kwa mwezi wa Okutobala kunkasakanikirana ndi fungo la mtedza wokazinga ndi utsi wa jenereta. Tepi inkakhala yojambulidwa kuchokera ku tepi ina, imenenso inachokera ku ina, moti chithunzi chinkanjenjemera ndipo mizere inkadutsa pankhope ya ekita. Ikalumidwa ndi deki, mwini malo ankayatsa tochi, kutsegula chivundikiro, kuisolola mosamala ndi kuikulunga ndi chala, khamu lonse likuimba mluzu. Amene analibe ndalama ankasinthana diso pakaboo ka khoma, wosuzumirayo akufotokozera anzake zimene zikuchitika.

William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu amene anatchuka ndi makina opanga magetsi ndi mphepo, anakumbukiranso kanyumba kotere m'buku lake la 2009, ndipo Terminator ndi imodzi mwa mafilimu amene anatchula. Choncho benchi limeneli linali lalitali, linadutsa malire.

Nkhani yomveka ndi maso

Filimu yoyamba, The Terminator, inatuluka mu 1984. James Cameron anaipanga ndi ndalama zochepa, pafupifupi madola 6.4 miliyoni. Nkhani yake njakuti m'chaka cha 2029 kompyuta yotchedwa Skynet ikulimbana ndi anthu otsala padziko, ndipo poona kuti ikugonja, ikutumiza loboti yovekedwa khungu la munthu kubwerera m'mbuyo kukapha Sarah Connor asanabereke John, amene adzatsogolere anthu pankhondoyo. Arnold Schwarzenegger, wobadwira ku Thal m'dziko la Austria mu 1947, anali mdani m'filimuyo, ndipo mawu onse amene analankhula sakwana 100. Kwa woonera wa ku Kapata umenewu unali mwayi. Munthu amene salankhula safuna womasulira. Kayendedwe kake, kutembenuza mutu kwake mosaphethira, kudzuka kwake ataomberedwa, zonse zinkanena zokha.

Filimu yachiwiri inadya ndalama pafupifupi madola 100 miliyoni, zimene panthawiyo zinali zosamvekapo, ndipo inabweza zoposa madola 500 miliyoni padziko lonse. Cameron anatembenuza nkhani. Nkhope ija imene anthu ankaiopa inabweranso, koma tsopano itatumidwa kudzateteza John, mnyamata wa zaka 10. Womusaka ndi loboti yatsopano, T-1000, yopangidwa ndi chitsulo chamadzimadzi chimene chimasandulika chilichonse chimene chakhudza.

Amene anaonera yoyamba asanamve mbiri ya yachiwiri sangaiwale malo aja m'kanjira ka mkati mwa sitolo yaikulu. John wapanikizika, kutsogolo kukubwera chimphona cha magalasi akuda chikusolola mfuti m'bokosi la maluwa, kumbuyo kukubwera wapolisi. Muholo monse mumamveka mawu amodzi: thawira kwa apolisi, mwana iwe! Kenaka chimphona chija chimamukumbatira mwanayo, n'kupereka msana wake kuti zipolopolo za wapolisi zithere pamenepo. Pasanathe mphindi imodzi, popanda kumva liwu lachingelezi, aliyense wadziwa kuti woteteza ndani ndipo wakupha ndani. Umenewu ndiwo ukatswiri wosimba nkhani.

Mwana wa mnzako

John Connor tikamuona koyamba ndi mwana wosokonekera. Bambo ake anamwalira iye asanabadwe. Mayi ake anatsekeredwa m'chipatala cha odwala misala chifukwa chonena zoona zimene anthu sakuzikhulupirira. Akuleredwa ndi banja losakhala lake, sakuwamvera, akuba ndalama m'makina a banki, ndipo mumtima akukhulupirira kuti palibe wamkulu amene angamudalire.

Tikumbukire kuti filimuyi inkaoneredwa ndi yani. Mu 1987 Pulezidenti Kaunda analengeza poyera kuti mwana wawo wamwamuna anamwalira ndi Edzi. Zaka za m'ma 1990 zinali zaka za maliro. Mankhwala otalikitsa moyo anadzayamba kupezeka mwaulere m'zipatala za boma patapita zaka zambiri, cha pakati pa zaka za m'ma 2000. M'makomboni a Chipata ndi m'midzi ya ku Katete, ku Chadiza ndi ku Lundazi, agogo anabwereranso kuntchito yolera, ndipo ana ankasamutsidwa nyumba ndi nyumba, lero kwa azakhali, chaka chamawa kwa amalume. Makampani a boma ankagulitsidwa kapena kutsekedwa, abambo otsala ankachotsedwa ntchito. Pabenchi lija panali ana ambiri amene ankadziwa bwino kugona m'nyumba imene suli wofunika kwenikweni.

Kwa mwana wotere, chimene filimuyi inapereka sichinali chaching'ono. Kunabwera wamkulu wamphamvu amene ntchito yake yonse ndi iwe. Satopa nawe, saledzera, sakumenya, sadwala, sachoka. Sarah mwiniwake, ataona mwana wake akusewera ndi lobotiyo m'chipululu, amavomereza mumtima kuti mwa amuna onse amene anadutsa m'moyo wake, chitsulo ichi chokha ndicho chakwanitsa udindo wa bambo. Kwa Mchewa, amene amadziwa kuti mwini mbumba ndi malume, lobotiyi ili ngati atsibweni ochokera kutali amene atulukira tsiku la mavuto n'kunena kuti mwana uyu ndi wanga, womukhudza ayambe wadutsa pa ine. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo n'zochititsa chidwi kuti m'filimuyi wokwaniritsa mawuwa alibe magazi, alibe mtundu, alibe mudzi.

Koma kulera kwake kukuyenda mbali ziwiri. John atazindikira kuti lobotiyo iyenera kumumvera, poyamba amasewera nayo, kuiuza kuti iime ndi mwendo umodzi. Itatsala pang'ono kupha munthu pa nkhani yachibwana imene iye mwini anaiputa, mwanayo amadzidzimuka n'kuilumbiritsa kuti isadzaphenso munthu. Kuyambira pamenepo, chida chopangidwira kupha chimalimbana ndi gulu lonse la apolisi osachotsa moyo wa aliyense. Mwana amene ankaoneka wotayika ndiye akuphunzitsa chitsulo kuti moyo wa munthu ndi wamtengo wapatali. Mafilimu ambiri a nkhondo amauza mnyamata kuti mwamuna ndi amene wagwetsa anthu ochuluka. Iyi inamuuza kuti mphamvu yeniyeni ndi imene imatha kuletsedwa.

N'chifukwa chake mapeto ake amapweteka. Mdani atasungunuka m'ng'anjo ya fakitale ya zitsulo, lobotiyo imauza John kuti nayonso iyenera kuwonongedwa, chifukwa kachipangizo kamene kali m'mutu mwake kakagwera m'manja mwa anthu, Skynet idzabadwa ndithu. Mwanayo amalira, amailamula kuti isapite, koma kanthawi kano lamulo lake siligwira. Sarah amaitsitsira m'chitsulo chowira, dzanja lake likumira chala chachikulu chili m'mwamba. Lamulo la m'vidiyo sho linali lakuti ekita safa. Apa ekita anafa, mwa kufuna kwake, pofuna kuti mwana akhale ndi mawa. Anyamata amene ankadzitcha olimba ankatuluka m'holo ali chete, ena akupukuta m'maso n'kumanamizira utsi.

Mayi wankhondo, mdani waulemu

Atsikana ndi amayi sankachuluka m'mavidiyo sho, chifukwa makolo ambiri ankawaona ngati malo osayenera. Koma amene anaionera filimuyi anapezamo munthu wawo. Linda Hamilton, wosewera Sarah, amene mu 1984 anali mtsikana wamantha woperekera zakudya mulesitilanti, anabweranso ali wouma thupi, akudzikoka pazitsulo za bedi, wokonzeka kuthyola chipatala chonse kuti akafike kwa mwana wake. Sarah si mayi wofatsa. Mantha a zimene zikubwera amuumitsa mtima mpaka amaiwala kukumbatira mwanayo, amangomufufuza mabala. Mayi aliyense amene analera yekha, amene anakhalapo wankhanza kwa ana pofuna kuti apulumuke, amamumvetsa popanda kufotokozeredwa.

Mdani nayenso anasankhidwa mwanzeru. Robert Patrick, wosewera T-1000, ndi wochepa thupi, wooneka bwino, wolankhula mwaulemu, ndipo wavala yunifomu ya polisi. Amagogoda pakhomo, amapempha chithunzi cha mwana, makolo olera amamupatsa ndi manja awiri. Pambuyo pake amasanduka mayi wa m'nyumbamo n'kuyankha foni ndi mawu okoma, kuitana John kuti abwere kudzadya. Nthano zathu zadzaza ndi zilombo zotere, fisi wosanduka mkamwini, mlendo wokongola amene usiku amavula khungu. Agogo akamasimba nthanozo ankaphunzitsa kuti choopsa chachikulu chimabwera ndi nkhope yodziwika. Ana a ku Chipata sanafunike kuuzidwa kuti T-1000 ndi chiyani, anali atakumana naye kale pamoto wa madzulo.

Chinanso chimene chimaisunga filimuyi kuti isakalambe ndi mmene inajambulidwira. Anthu amakumbukira chitsulo choyenda ngati madzi, chimene akatswiri a Industrial Light & Magic anapanga pakompyuta, koma zithunzi za pakompyutazo n'za mphindi zochepa chabe m'filimu ya maola oposa 2. Zambiri zinali zenizeni. Lole inagwetsedwadi kuchoka pamlatho kulowa m'ngalande. Helikopita inaulukadi kunsi kwa mlatho. Stan Winston ndi gulu lake anaumba mitu ndi matupi obooka ndi manja awo. Pamene T-1000 akusanduka Sarah ndipo awiriwo akuoneka limodzi, anagwiritsa ntchito Leslie Hamilton, mapasa ndi Linda. Diso la munthu limazindikira kulemera kwa chinthu chenicheni, ngakhale pa tepi yotha. Filimuyi inapata mphoto 4 za Oscar, pa zomveka, zodzola ndi luso la zithunzi.

Pamene Schwarzenegger analankhula Chichewa

Matepi atatha kunabwera ma CD, kenaka ma DVD, kenaka mafulashi ndi timakadi ta m'foni. Limodzi ndi zimenezi kunabwera omasulira. Anyamata a m'matauni a Malawi ndi Zambia anayamba kutenga mafilimu akunja, kutsitsa mawu ake, n'kuikamo awo m'Chichewa ndi m'Chinyanja cha m'tauni. Womasulira mmodzi amakhala mwamuna, mkazi, mwana ndi mdani, kwinaku akufotokoza, kuchenjeza ndi kupatsa anthu a m'filimu maina a kwathu. Popeza chilankhulo cha ku Chipata ndi cha ku Mchinji n'chimodzi, ntchito zimenezi sizivutika kuoloka pa Mwami.

Ena amadandaula kuti omasulira amapotoza nkhani, ndipo eni mafilimu sapindulapo kanthu. Madandaulowa ali ndi mfundo. Komabe tisaiwale kuti womasulira akupitiriza ntchito imene inalipo kale pabenchi, ya mnyamata uja amene anaonerapo filimuyo kambirimbiri ndipo ankanong'oneza anzake kuti taonani apa, musaphethire. Kudzera mwa omasulira, agogo amene sanapite kusukulu amatha kutsutsana ndi mdzukulu wawo ngati Sarah analakwa kapena ayi. Chimene chikutayika lero n'chakuti aliyense akuonera yekha pafoni, makutu atatseka. Nkhani imene inkatha ndi mtsutso wa anthu khumi panjira yopita kunyumba tsopano imatha ndi batire.

Wopanga makina ndi mlandu wake

Pali munthu wina m'filimuyi amene tili ana tinkamudutsa mwachangu, koma munthu akakula amamuona bwino. Miles Dyson, amene anaseweredwa ndi Joe Morton, ndi katswiri wakuda wa makompyuta pakampani ya Cyberdyne. Kuona munthu wa khungu lathu ali mkulu wa akatswiri, m'nyumba yabwino, ndi mkazi ndi ana ake, sichinali chinthu chozolowereka m'mafilimu a nkhondo a nthawiyo. Dyson si woipa. Akugwira ntchito usiku ndi usana pokhulupirira kuti akuthandiza dziko, osadziwa kuti akuumba Skynet, imene malinga ndi filimuyi idzayatse nkhondo ya mabomba a nyukiliya pa 29 Ogasiti 1997. Sarah amapita kukamupha kunyumba kwake, koma kamnyamata ka Dyson kamadzigwetsa pa bambo ake kuwatchinga, ndipo dzanja la Sarah limalephera. Dyson atamva zoona, amavomera kuwononga ntchito ya moyo wake wonse, n'kufera momwemo.

Anthu a dera lino safunika kuphunzitsidwa kuti makina akakhala m'manja mwa ena amatha kusintha mbiri ya mtundu. Mu Januwale 1898 asilikali a Britain anabwera ndi mfuti za Maxim ndi mizinga kudzathira nkhondo Angoni a Mpezeni. Mikondo ndi zishango sizinathe kulimba. Nsingu, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondoyo, anagwidwa n'kuomberedwa mu Febuluwale chaka chomwecho, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo mwambo wa Nc'wala unazimirira mpaka pamene unatsitsimutsidwa mu 1980. Mzinda umene tikukhalamowu unakula pambuyo pa kugonja kumeneko.

Lero funso la Dyson lafika pakhomo. Nzeru zopangidwa ndi makompyuta zikulemba makalata, zikujambula nkhope za anthu amene kulibe, zikutsanzira mawu a anthu amene alipo. Mu Disembala 2023 msonkhano waukulu wa United Nations unavomereza chigamulo chake choyamba chokhudza zida zotha kusankha zokha munthu woti ziphe. Mu 2024 boma la Zambia linakhazikitsa ndondomeko yake ya nzeru za makompyutazi. Skynet ya m'filimu ndi nthano, ndipo sitiyenera kuopsezana nayo. Koma mlimi wa ku Chiparamba amene dzina lake lasowa mukompyuta ya feteleza, kapena mayi amene wabedwa ndalama za pafoni ndi munthu wodzitcha wachibale, akudziwa kale kuti makina opanda womvera madandaulo amapweteka. Filimuyi siinanene kuti makina ndi oipa, pakuti wopulumutsa ndi wakupha onse anali makina. Inanena kuti zimatengera amene wawatuma ndi zimene awaphunzitsa.

Tsogolo lolembedwa kuno

Zambia ili nawo anthu olota za mawa. Mu 1964 mphunzitsi Edward Mukuka Nkoloso ankaphunzitsa achinyamata kukonzekera ulendo wa kumwezi, ndipo dziko linamuseka, koma nkhani yake inadzabala filimu ya Afronauts ya Nuotama Bodomo mu 2014. Buku la Namwali Serpell, The Old Drift, limene limafika mpaka ku Zambia wamtsogolo wa tindege ting'onoting'ono tonga udzudzu, linapata mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020. Malenga Mulendema anapanga Supa Team 4, katuni ya atsikana anayi opulumutsa Lusaka wamtsogolo, imene inayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023. Ku Malawi, Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa wa zaka mazana akubwera.

Chimene chikusowa ndi nkhani yotere yobadwira kummawa kuno, m'chilankhulo chathu, yojambulidwa m'mapiri ozungulira Chipata, m'madambo a Luangwa kapena pamsika wa Loweruka. Zipangizo sizilinso chopinga ngati kale, pakuti foni imene ili m'thumba la wophunzira wa sekondale imajambula bwino kuposa chithunzi chimene mbadwo wa mavidiyo sho unakulira nacho. Cameron mwiniwake anayamba ndi ndalama zochepa ndi nkhani yolimba. Omasulira athu aonetsa kuti luso losimba lilipo, ndipo agogo akadali ndi nthano zosandulika zimene Hollywood sinazimvepo.

Kwa makolo amene anakulira pabenchi lija, ntchito yoyamba njapafupi. Filimuyi ili ndi chiwawa ndi mawu ena olemera, choncho si ya ana aang'ono. Koma mwana akasinkhuka, khalani naye pansi muionere limodzi, ndipo ikatha mumufunse kuti n'chifukwa chiyani John analetsa loboti kupha, n'chifukwa chiyani Sarah analephera kuombera Dyson, ndipo akanakhala iye Dyson akanatani. Ana amenewa ndiwo adzalembe mapulogalamu, adzayendetse mabanki ndi zipatala, ndi kusankha zimene makina a dziko lino aziloledwa kuchita. Ndi bwino ayambe kuyankha mafunso amenewa adakali pakhomo, pali wamkulu wowamvetsera.